Chijasi cha Zelig pa Lachisanu Loyera

Tekla anapeza mwamuna wake, Walenty, ali m'khola akupakira udzu m'chijasi chakuda. Linali Lachisanu Loyera la 1937, tsiku limene amuna a kwathu kuno ku Galicia, m'dziko la Poland, ankapanga chidole cha Yudasi, n'kuchikwekweza m'misewu, kuchikwapula, kenako kukachitentha kumtsinje. Mutu anali atausoka kale, wa mphuno yokhota ndi ndevu za ubweya wa mbuzi.

Chijasicho Tekla anachizindikira pomwepo. Chinali cha Zelig, Myuda wosoka nsapato wa nyumba yoyandikana nawo. Perla, mkazi wa Zelig, ndiye anamupatsa Tekla kuti achichape, ndipo m'mawa womwewo chinali chili pachingwe.

"Bambo a Hania, mwapenga kodi?" anatero Tekla. "Chigamba chobiriwira icho tauni yonse ikuchidziwa. Akamenya chidole, adzafuna mwini chijasi."

"Aaa, iwenso. Ndi mwambo chabe," anayankha Walenty. "Agogo ankachita, bambo ankachita. Si Ayudawa anapha Ambuye? Sunamve kutchalitchi?"

"A Zelig anapha Ambuye? Munthu amene ngakhale kumzinda wa Krakow pafupipa sanafikeko? Nanga nsapato mwavalazo anakusokerani ndi Pilato?"

Walenty anaseka, koma chijasi sanachisiye. Tekla atagwira mkono wa chijasicho, mwamunayo anamukankha, n'kusenza chidole chake ulendo wa kumsika. Sanali munthu woipa Walenty, ndipo chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Tekla anathamangira kwa Perla. Anapeza Zelig akukhomera matabwa pamawindo, ana atawatsitsira kale kuchipinda chapansi chosungira mbatata.

"Anzanga, ndalakwa," anatero Tekla akulira. "Chijasi chija achiveka Yudasi."

Perla anamulozera mawindo. "Matabwawa timakhoma chaka chilichonse, Tekla. Amayi anandiphunzitsa, iwonso anaphunzira kwa amayi awo. Zaka khumi ndi ziwiri tili khomo ndi khomo, sunawaonepo?"

Zoona, Tekla anali asanawaonepo. Tsiku limeneli iye ankakhala ali kumtsinje, akuimba nawo. Manyazi anamugwira, nasowa poyang'ana.

"Pita kwanu," anatero Perla. "Asakuone kuno."

Chitseko chinatsekedwa. Koma Tekla sanapite. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, korona yopempherera ili m'manja.

Chigulu chinafika dzuwa lili pamutu, ndodo m'manja, chidole chikukwekwezeka m'matope. Anachiponya patsogolo pa nyumba ya Zelig n'kuchikwapula kokwana makumi atatu, onse akuwerengera limodzi mokweza. Atamaliza, wina anakuwa, "Mwini chijasi atuluke!" Ena anatola miyala.

"Choka apo, mkazi iwe," anatero Walenty motsitsa mawu. "Ukundichititsa manyazi."

"Gendani, bambo a Hania," anayankha Tekla. "Muyambe ndinu."

Anthu anayang'anana. Mayi ameneyu ankamudziwa, ankagwada naye benchi limodzi, ndipo ambiri a iwo ankavala malaya ochapidwa ndi manja ake. Walenty analavula malovu, n'kukoka chingwe cha chidole. Chigulu chinamutsatira, miyala ikadali m'manja.

Tekla anapuma, nayamba kuthokoza Mulungu. Pemphero lisanathe, anamva magalasi akusweka. Kunali kunyumba yachitatu, kwa Chaja, mayi wamasiye wachiyuda wogulitsa mazira. Pakhomo pake panalibe amene anakhalapo.