Ulusi Wofiira pa Mkanjo wa Woweruza

"Tambasula manja tione," anatero amayi, akumuveka mkanjo wakuda uja m'chipinda chovalira kuseri kwa siteji.

Mwana wawo wamkulu anatambasula. Onse m'gulu la zisudzo ankamutcha Mlonda, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yake m'sewero lakale lija inali kuima pakhomo ndi mkondo n'kunena mawu atatu okha: "Monga mwalamula, bwana." Bambo ake ndiwo anali woweruza, uja amagamula kuti wantchito wopanduka aphedwe, kenako n'kumukhululukira, holo yonse misozi chuchuchu. Tsopano panali patapita masiku asanu chiwaikireni m'manda, ndipo gulu linagwirizana zochita seweroli Loweruka powakumbukira. Za amene akhale woweruza, Mlonda sankaona chofunsira.

Koma mkanjowo unakana. Mbali imodzi unafika mu akakolo, mbali inayo unalekeza m'munsi mwa mawondo. Atawerama, anaona kuti m'munsi munapindidwa theka, ndi msoko wokhotakhota wa ulusi wofiira. Singano inali ikadali pomwepo.

Amayi anayang'ana kumbali, kumene mng'ono wake wa Mlonda anakhala pa bokosi la zovala, miyendo yosafika n'komwe pansi. Ameneyu anathawa m'gululi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, atanyengerera osewera anayi kukayambitsa gulu lake. Chomwe chinamubweza ndi maliro basi.

"Bambo ankafupikitsira iyeyu?" anafunsa Mlonda.

"Anayamba mwezi watha," amayi anayankha chapansipansi. "Ankati mwina abwera."

"Mwina abwera! Nanga ine amene sindinachoke? Ndani ankanyamula matabwa? Ndani ankawapititsa kuchipatala? Ndikanadziwa, nanenso ndikanathawa, mwina akanandiona."

Nsanje inamugwira, ndipo sanachite nayo manyazi. Zaka zonsezo ataima ndi mkondo wapulasitiki, mawu a woweruza anawaloweza onse, mpaka pomwe bambo ake ankapumira.

"Achimwene, ine sindinapemphe," anatero wamng'onoyo. "Sizasi ili apo. Dulani ulusiwo, mkanjo ubwerere mwakale. Ndi wanu."

"Wandipatsa iwe? Zikomo kwambiri, bwana mlendo."

Anavula mkanjo uja, nakhala pampando, n'kutenga sizasi. Atagwira singano kuti aichotse, dzanja linaima. Ulusiwo anauzindikira. Mwezi watha bambo ake anamuitana m'chipinda chomwechi, atanyamula singano.

"Maso anga atha, tandilowetsera ulusiwu."

"Mukusoka chiyani, bambo?"

"Iwe lowetsa basi. Ndikasiyira panjira udzamaliza ndiwe. Wina ndingamudalire ndani?"

Tsikulo anaseka, poganiza kuti mdalayo akunena za batani la malaya.

Mlonda anayang'ananso msoko wofiira uja. Kupsa mtima sikunathe ayi, kunangosowa kolowera. Kenako anaika sizasi pansi.

"Dzuka, iwe. Vala."

"Achimwene..."

"Ndati vala! Kwera pabokosipo. Ndipo usagwedezeke, ndikubaya dala."

Wamng'onoyo anakwera. Mlonda anagwada pamapazi ake, napinda mbali yotsala ija molingana ndi inzake. Sanali katswiri wosoka, ndipo msoko wake unakhota ngati wa bambo ake. Amayi anamumva akung'ung'udza, osadzutsa mutu:

"Monga mwalamula, bwana."