Zala Zosalala za Christobel

Christobel Nkhwazi anafika ku America ali ndi zaka makumi atatu, atabwera ku ukwati wa msuweni wake ku Laurel. Ukwati unatha, alendo anabalalika, ndipo tsiku lobwerera kumudzi linamupeza akuchapa zofunda za nkhalamba ina ku Silver Spring. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yomweyo, yosamalira okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha zovala, kukolopa ndi kuwakumbutsa mankhwala. Anabereka mwana mmodzi, Fiona, yemwe anabadwa ndi matenda a magazi aja amene amaphwanya mafupa ndi kumugoneka m'chipatala kangapo pachaka. Bambo wa mwanayo anapita ku Texas kukafuna ntchito, ndipo patapita nthawi anasiya kuyimba foni.

Zaka khumi ndi zinayi zinatha Christobel asanakhale ndi mapepala. Kenako bambo wina, amene ankadzitcha wodziwa za mapepala, anamulembera fomu yomwe iye anangosaina osaimvetsa. Chomwe chinatuluka m'fomuyo ndi kalata yomuitana kukhoti la za olowa m'dziko, kuti akanene chifukwa chimene boma lisamubwezere kwawo.

Amene anamugwira dzanja ndi a Mwanahawa, mayi wachisilamu wa ku Mangochi, amene chitseko chawo chinkayang'anizana ndi chake pansanjika yachitatu. Iwo ndiwo anamutengera kwa Nasrin, mwana wa achimwene awo, loya wa bungwe lina lothandiza obwera. Nasrin anakulira ku Laurel. Chichewa ankamva chonse koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi, n'kumaponyamo “azakhali” apo ndi apo. Anamufotokozera kuti njira ilipo: munthu amene wakhala m'dzikomo zaka zoposa khumi, wopanda mlandu, komanso ali ndi mwana nzika amene angavutike kwambiri iye atachotsedwa, akhoza kupempha jaji kuti amuleke akhale. Koma pempholo linali ndi ndondomeko yake. Kunali kulipira ndalama ya fomu ndi ina yodindira zala, kusunga risiti ngati mwana wakhanda, kupereka kope yake kukhoti, kenako kudikira kalata yonena tsiku lopita kukadinda zala ndi kujambulitsa nkhope. Boma limatenga zidindozo n'kufufuza ngati munthuyo anapalamulapo.

“Zala zikapanda kudindidwa, jaji akhoza kuona ngati pempho mwalisiya nokha,” anatero Nasrin, akulemba mzere pansi pa mawuwo. “Tsiku limenelo musaliphonye, azakhali.”

Za ndalama sizinavute monga ankaopera. Amayi a kutchalitchi kwawo anali ndi chipereganyu, ndipo atamva nkhaniyo, amene inali nthawi yake yolandira anangoti Christobel atsogole, iye alandira mwezi wamawa. Risiti inabwera, kalata ya tsiku inabweranso, ndipo Lachiwiri lina m'mawa Christobel anavala diresi lake la buluu la kutchalitchi n'kukwera basi.

Ofesiyo inali pakati pa sitolo yogulitsa matiresi ndi malo ochapira zovala. Mkatimo munali mipando yambiri ndi anthu a mitundu yonse atagwira makalata ofanana. Nambala yake itaitanidwa, anaima patsogolo pa mtsikana wovala magolovesi, amene anamugwira chala cholozera n'kuchigubuduza pakagalasi kowala. Pakompyuta panaoneka chinthu chotuwa ngati mtambo, kenako kabokosi kofiira. Mtsikanayo anapukuta galasi, anapukuta chala, anayesanso. Chofiira. Anamupopera timadzi, anamupaka timafuta, anayesa chala chachiwiri ndi chachitatu. Pa zala khumi, ziwiri zokha ndi zomwe makina anavomera.

Mtsikanayo anamutembenuza dzanja n'kuliyang'anitsitsa, kenako anafunsa ntchito imene amagwira. Atamva, anagwedeza mutu ngati wamva zimene amayembekezera. Anati anamwino, okolopa ndi omanga nyumba amabwera ambiri ndi zala zotero. Sopo ndi mankhwala ophera tizilombo amadya timizere ta m'zala pang'onopang'ono. Zomwe anajambulazo azitumiza ndithu, koma asadabwe akamuitananso.

M'basi Christobel anatambasula manja pamiyendo. Zaka zonsezi anali asanaziyang'anepo bwino zala zake. Nsonga zake zinali zosalala, zonyezimira ngati kasopo kotsala pang'ono kutha. Anakumbukira nthawi ya korona, pamene ankasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, ndipo anadzipeza akuseka yekha. Kuseka kuja kutatha, mantha analowa.

Patatha masabata atatu kalata inabwera: zidindo sizinawerengeke, apitenso pa tsiku lakuti. Nasrin pafoni anati asataye mtima. Kulipiranso kunalibe, ndipo zikakanikanso pali njira ina, yokatenga makalata a polisi m'madera amene anakhalamo, kungoti ndi yaitali ndipo ikhoza kukankhira mlandu kutsogolo. Chabwino n'chakuti manja apume. Masiku khumi asakhudze sopo wochapira, jiki kapena madzi otentha, ndipo azipaka mafuta pafupipafupi.

Christobel anafunsa ngati Nasrin akudziwa ntchito imene iye amagwira. Nasrin anaseka n'kunena kuti akuidziwa.

Nthawi imeneyo Christobel ankasamalira gogo Elizabeth, mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zinayi, m'nyumba yakale yamatabwa ku Takoma Park. Gogoyo anagwira ntchito yotayipa makalata m'maofesi a boma moyo wake wonse, ndipo ngakhale miyendo inali itakana, mutu unali wakuthwa. Christobel ankasinthana shifiti ndi Chansa, mayi wa ku Lusaka, wamtali, wolankhula mokweza ngati ali pamsika. Christobel atamufotokozera mwamanyazi, Chansa sanadikire kuti amalize.

“Manje vuto ili kuti? Ine nizabwela kuseni, nizabasambika ba gogo, nizasuka mambale, nizawasha. Imwe mugwile vouma.”

Ntchito inagawidwa choncho, yamadzi ndi youma. Chansa ankafika ola limodzi shifiti yake isanakwane, ndipo Christobel anatsala ndi kupesa tsitsi, kupinda zovala, kuwerenga nyuzipepala ndi kukankha gogo panjinga ya olumala m'misewu ya mitengo ikuluikulu ya m'deralo. Kunyumba a Mwanahawa analanda khitchini. Madzulo akaweruka kuhotela komwe ankayala mabedi, ankabwera ndi mpunga wa nazi kapena machapati, n'kunyamula mbale zakuda kupita nazo kwawo. Anabweretsanso botolo la mafuta a nsatsi ndi magolovesi oyera a thonje, n'kumuuza kuti azigona atavala.

Masiku awiri oyamba Christobel ankangozungulira m'nyumba ngati wataya kanthu. Tsiku lachinayi a Mwanahawa analowa osagogoda n'kumupeza akukwecha poto amene Fiona anapsereza pophika mazira.

“Amake Fiona, mukufuna mukwere ndege chifukwa cha poto?”

“Ndinangoti katsukidwe kamodzi aka.”

“Siyani. Khalani apo.”

Anakhala. A Mwanahawa anamaliza potoyo, anatsuka manja a Christobel ndi madzi ozizira, n'kumufunsa kuti chikumuvuta n'chiyani kwenikweni. Christobel anayankha kuti chibwerere m'dziko lino sanakhalepo pansi wina akumugwirira ntchito, ndipo akumva ngati akuba. A Mwanahawa anati iwonso anamva chimodzimodzi chaka chimene anathyoka mwendo, pamene Christobel yemweyo ankawatsikira masitepe a nsanjika zitatu ndi zinyalala zawo, koma sanafe nazo. Atatero anathira tiyi.

Kuyambira tsiku limenelo Christobel anayamba kuzolowera. Anapeza kuti pakhonde la gogo Elizabeth pamabwera mbalame yofiira nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Anamva nkhani yonse ya mwamuna wa gogoyo, amene ankayendetsa basi ndipo anamufunsira ukwati pa sitopu. Madzulo ankakhala pampando ndi Fiona kuonera zimene mwanayo amaonera, ndipo anadabwa kumva kuti mwana wake amafuna kudzakhala woyeza magazi m'chipatala, chinthu chimene anali asanamuuzepo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu sitima ya Red Line inachedwa, Chansa ali momwemo. Christobel anafika ku Takoma Park n'kupeza gogo Elizabeth atatembenukira kukhoma. Fungo linamuuza zonse. Gogoyo anali atadziipitsira pabedi, ndipo ananena ndi mawu otsika kuti adikira Chansa, Christobel asakhudze chilichonse.

Christobel anayang'ana wotchi, anayang'ana msana wopyapyala wa gogoyo. Anavala magolovesi awiri dzanja lililonse, anatenthetsa madzi, anam'sambitsa, anasintha zofunda n'kuziika m'makina. Pomaliza anavula magolovesi n'kusamba m'manja ndi sopo monga ntchito imafunira, mpaka m'zigongono.

“Ndakuwonongera sabata yonse,” anatero gogo Elizabeth, misozi ili m'maso.

“Simunawononge kanthu. Mukanakhala choncho ola lina, khungu lanu likanatupa.”

Gogoyo anamuuza kuti atsegule kabati ya pambali pa bedi. Munali kabotolo ka kirimu wonunkhira maluwa, amene mdzukulu wawo anawatumizira ndipo ankamusunga osamugwiritsa ntchito. Anauza Christobel kuti akhale m'mphepete mwa bedi, anamutenga dzanja, n'kuyamba kumupaka chala chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, ndi zala zawo zopindika zija. Chansa analowa ali wefuwefu, atakonzeka kutukwana sitima, koma ataona zimenezo anangodutsa kupita kukhitchini.

Pa tsiku lobwereza, a Mwanahawa anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kumuperekeza, ngakhale anadziwa kuti akadikira panja. Ulendo uno Christobel anagwera kwa bambo wachikulire wa magalasi, amene anawerenga kalata n'kuona kuti ndi kachiwiri. Anamuuza kuti atikite manja mpaka atenthe, asaumitse mkono, ayang'ane kukhoma ndi kumusiyira iye dzanja lonse. Anagubuduza chala choyamba mosathamanga, osakanikiza kwambiri. Christobel anamva kulira kwa makina koma sanayerekeze kucheuka. Chachiwiri, chachitatu. Pa chala chachikulu cha kumanja bamboyo anabwereza kanayi, akung'ung'udza kanyimbo. Pomaliza anamuuza kuti ayang'ane. Pakompyuta panali timizere, tofooka ndithu koma tooneka, tozungulira ngati mizere ya m'munda wa paphiri. Zala zisanu ndi zitatu zinali zobiriwira, ziwiri zachikasu. Bamboyo anati iye sangalonjeze, koma waonapo zoipa kuposa izi zikudutsa. Anadinda chidindo pakalata n'kumuuza kuti aisunge.

Panja a Mwanahawa anali atakhala pabenchi pafupi ndi sitolo ya matiresi ija. Anafunsa ndi maso okha. Christobel anatukula zala zisanu ndi zitatu, ndipo awiriwo anapita kukagula khofi.

Kalata yachitatu sinabwere. Pakati pa mwezi wa Novembala Nasrin anayimba kunena kuti wafunsa kwa loya wa boma, ndipo zofufuza zonse zatuluka zoyera. Christobel anali atabwerera kale ku ntchito yamadzi, kungoti tsopano ankavala magolovesi ngakhale potsuka kapu imodzi, chifukwa Chansa ankamukalipira akamupeza alibe.

Mlandu unalowa m'mwezi wa Malichi, m'kachipinda kakang'ono kopanda mawindo. Jaji anayamba n'kufunsa ngati ndalama zinalipidwa ndi ngati zala zinadindidwa. Loya wa boma anayang'ana m'mapepala ake n'kuvomera, ndipo nkhani imene inadya masabata ambiri a Christobel inatha m'mphindi imodzi. Kenako kunabwera mafunso a maola awiri: za zaka zake m'dzikomo, za ntchito, za matenda a Fiona ndi mankhwala amene amamwa, za chipatala chimene chili pafupi ndi kwawo ku Ntcheu. Panali kalata ya dokotala wa mwanayo, ya abusa, ndi ina ya masamba atatu imene gogo Elizabeth anatayipa okha. Pomaliza jaji anati wamva zokwanira, koma chigamulo cha milandu yotere chimadikira mzere, chifukwa anthu ololedwa pachaka ali ndi malire. Chidzabwera pakalata. Loya wa boma anati mbali yake ilibe chotsutsa.

M'khonde Nasrin anamasulira kuti imeneyo ndi nkhani yabwino, ngakhale kudikirako kukhoza kupitirira chaka, ndipo pakadali pano khadi lomulola kugwira ntchito, limene analandira atapereka pempho lija, lizingowonjezeredwa. Christobel anati kudikira amakudziwa.

Fiona anali atajomba kusukulu tsiku limenelo, ndipo ankayenda pakati pa amayi ake ndi a Mwanahawa kupita kokwerera sitima. Kunali kamphepo koma dzuwa linali litatuluka. Mwanayo anafunsa m'Chingerezi ngati pepalalo likadzabwera adzathe kupita ku Malawi n'kubwerako. Amayi ake anati inde, koma akafika kumeneko agogo ake sadzamva Chingerezi chakecho.

Fiona anaganiza kanthawi, kenako anayesa: “Ndiye ndidzati, agogo, ine ndi Fiona, ndabwera kudya mbatata yanu.”

“Mbatata ya kachewere,” a Mwanahawa anakonza. “Ku Ntcheu ukangoti mbatata akupatsa ina.”

Christobel anawasiya pa siteshoni ya Silver Spring. Iye anapitirira siteshoni imodzi n'kutsika ku Takoma, chifukwa Chansa anali atagwira shifiti kuyambira m'mawa ndipo gogo Elizabeth anali atanena kuti sadya nkhomaliro asanamve mmene zayendera.