Gitala Imene Ba Oswell Ananyoza

Kwa ba Oswell Bwembya, oimba a hip hop onse anali zinkhwe zovala zipewa. Iwo analiza gitala ya rock m'ma 1970 mpaka zala kuchita zikang'a, ndiye wina azingobwetuka pamwamba pa ng'oma za makina n'kumati ndi woimba? Ankachita kulavula.

Koma pofika 2004, katswiriyu ankangokonza mawayilesi pakhonde ku Kabwata mumzinda wa Lusaka, popanda wowafunsa za kale. Chimbale chawo chinapindika ndi dzuwa pawindo zaka makumi awiri zapitazo, ndipo chiyambire sanadzimvenso akuliza. Chimene ankaopa, kuposa imfa, chinali kuiwalika. N'chifukwa chake atamva kuti wayilesi ina yatsopano ku Woodlands yapachika chithunzi chawo pakhoma la akatswiri, anapukuta jekete lachikopa ndi mafuta odzola, ulendo.

Chithunzi chinalipodi. Koma pambali pake penipeni panali cha Sampa, mnyamata wa rap wa ku Kaunda Square, thalauza ili m'mawondo ngati yobwereka. Mwini wakeyo anali ataima pomwepo pakati pa alendo.

"Ba Peggy, ni vichani ivi?" anafunsa ba Oswell kwa mayi woyang'anira wayilesiyo. "Munifaka na kamwana kamene sikaziba olo kumanga waya pa gitala? Chosani chake. Ngati simufuna, chosani changa."

"Ba mudala, mvelani che nyimbo yake poyamba," anatero Peggy, n'kuitsegula.

Ba Oswell anamvetsera atapinda milomo. Pansi pa mawu a Sampa panali gitala ikubwereza kachigawo kamodzimodzi, ndipo mkuluyo anapeza pomenyera.

"Vokamba vake nivisiye, olo bamai pa maliketi bakamba. Manje iyo gitala! Ilibe mzimu. Ni kompyuta iyo. Ngati ni muntu, bamudule zala, asanyazise banzake."

Sampa anatsegula chikwama, natulutsa chimbale chakale m'chikuto chong'ambika, n'kuchipereka ndi manja awiri. Pachikutopo panali mnyamata wa tsitsi lalikulu atakumbatira gitala, jekete lake lomweli.

"Ba tata, gitala ni yanu. Ninachipeza pa maliketi ya Soweto, bamai benangu benze kuvinikilako ndowa."

"Sembe si Sampa, sembe sitinakuzibeni," anawonjezera Peggy mosanyengerera. "Ise tenze kuganiza munafa kudala. Manje nichose chiti?"

Manyazi anawagwira, inde, koma mwano wa munthu wamkulu subwerera m'kamwa. Kupepesa kwa chinkhwe, pamaso pa anthu? Ba Oswell anakweza manja, nachotsa okha chithunzi chawo pamsomali, n'kutuluka atachipanira m'khwapa. Chimbale anachisiya m'manja mwa Sampa.

M'minibasi yopita ku tawuni, nyimbo ija inayambanso pa wayilesi. Tsopano ankaimva bwinobwino: chala chachitatu chikuterera pa waya, chizolowezi chimene anzawo ankawaseka nacho. Dalaivala ankatsatira gitalayo ndi likhweru osaphonya pena paliponse, ndipo mayi wina kumbuyo ankagwedeza mutu.

"Ba dalaiva," anafunsa monyadira, chithunzi chili pamiyendo, "muziba wamene aliza iyo gitala?"

"Ah, ba mudala, muli kumbuyo," anayankha dalaivala osacheuka. "Uyo ni Sampa."