Nyambo ya Supuni

Bambo a mapasa atalowa m'khitchini anapeza nsomba yawo ili pathebulo, yotumbulatumbula kale, mamba onse atapalidwa. Inali nsomba ya mtundu wa bass, yaikulu kuposa zonse zimene gulu lawo la owedza linakola chaka chimenecho, ndipo inayenera kukakwera sikelo ya mpikisano madzulo omwewo ili yathunthu.

"Mwaitani nsomba yanga?" anakuwa. "Matumbo okhawo ndi theka la kilo! Chikho mwampatsa mchimwene wanu uja, munthu wongogula nyambo zapulasitiki m'sitolo!"

Akazi awo sanacheuke n'komwe. Anapitiriza kutsuka mpeni.

Bambowo anazaza mpaka thovu kukamwa. Anapsa ndi dzuwa tsiku lonse padamu, iwo. Nyambo imene anakolera nsombayo anaisula okha kuntchito kwawo kowotcherera zitsulo, kuipinda, kuiboola, kuikwecha mpaka kunyezimira ngati kansomba kamoyo. Anzawo akafunsa chinsinsi chake, ankangoseka.

"Nyamboyo ndaiona," anatero mayiwo. "Munaiiwala kukamwa kwa nsombayi. Ndiye ndinakatsegula bokosi lanu la zida."

Anapisa m'thumba la epuloni n'kumwaza pathebulo zogwirira za masupuni khumi ndi imodzi, zonse zodulidwa mitu. Anali masupuni amene mayiwo anasiyiridwa ndi malemu mayi awo.

"Munkati ana ndi amene akutaya. Mapasa ndinawakwapula kawiri, inu muli pompo, mukumwa tiyi."

Mayiwo analoza beseni ndi mpeni uja.

"Matumbo anu ali m'beseni umo, kapimitseni. Supuni yatsala imodzi, ndipo msuzi wa nsombayi ndimwera imeneyo."