Uzimba wa Pakhoma

Munthu aliyense ali ndi matenda ake, ndipo matenda a a Overtone anali kuseka. Sindikunena kuseka kwaulemu kophimba pakamwa kuja, ayi. Iwo chikawagwira ankayamba kunjenjemera m'mapewa, kenaka misozi, kenaka chikhakhali chomveka mpaka kwa aneba. Amalawi onse a ku Scarborough, ku Canada, ankaidziwa nkhani ya tsiku lija kutchalitchi, pamene woimbitsa kwaya anayetsemula mano ake oikirira n'kukagwera pa Baibulo la abusa. A Overtone, mkulu wa mpingo wathunthu, anachita kutulutsidwa panja ndi anthu awiri atawagwira m'khwapa.

N'chifukwa chake Loweruka limenelo, galimoto ikuthamanga pa msewu waukulu wa 401 kulowera ku Oshawa, akazi awo a Mirriam sanatope kuwakumbutsa.

"Bambo, lero mano mubise. Mukupita ngati nkhoswe, osati ngati Overtone."

"Kodi ndine mwana ine?" anatero a Overtone, akukonza tayi ndi dzanja limodzi.

Nkhani yake inali yolemera ndithu. Phyllis, amene anakhala kumbuyo atakumbatira chikwama chake, anali mwana wa mlongo wawo a Agnes. Anabwera ku Canada ali kamtsikana, anakulira m'manja mwawo, ndipo tsopano anali namwino. Anapeza mnyamata wachizungu wofatsa dzina lake Mark, ndipo aliyense anamukonda. Koma a Agnes ali ku Dowa ananena mawu amodzi pafoni, ndipo sanawabwezenso: "Ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe. Kuchimuna akapanda kutipatsa munthu woti tizilankhula naye, ine ndege sindikwera." A Overtone ankamudziwa mlongo wawo. Akati sabwera, sabwera, ndipo Phyllis akanakwatiwa mayi ake kulibe.

Bambo ake a Mark anamwalira kalekale. Wamkulu yekhayo amene anatsala anali a Davies, mlongo wa mayi ake, malume weniweni ngati mmene mwambo umafunira. Anachoka ku Mangalande ali mnyamata, ndipo ankaweta akavalo pafamu ina kumtunda kwa Oshawa. Vuto linali lakuti mkuluyu anali atakana kale kudzera mwa Mark. Anati za m'nyumba za anthu ena iye salowerera.

"Amalume, chinanso," anatero Phyllis. Chichewa chake chinali chopindika pang'ono ngati cha ana onse okulira kuno. "Mukolido muli zithunzi zakale za ku England. Ankolo ake a Mark amaima pamenepo n'kumadikira kuti munthu anena chiyani. Aliyense amangoti n'zokongola basi. Inunso mungotero, please. Musandiyalutse."

"Ndamva, mwanawe. N'zokongola. Ndaloweza."

Unali mwezi wa Epulo, sinowo, chipale chofewa cha kuno, itangosungunuka kumene, ndipo famu yonse inali matope okhaokha. Mark anawachingamira pageti, nkhope ili gwa ndi mantha. Pakhomo panaima a Davies: wamtali, wouma ngati mlongoti, nkhope yosadziwa kuti kumwetulira n'chiyani. Anagwirana nawo chanza mmodzimmodzi, n'kunena kuti tiyi ali kukhitchini. Koma njira ya kukhitchini inali kolido ija. Atafika pakati, mkuluyu anaima, manja kumbuyo, n'kumadikira.

"N'zokongola kwambiri," anatero a Mirriam m'Chingelezi chawo cha patchalitchi.

Akanangobwereza mawu omwewo a Overtone, bwenzi zitatha. Koma iwo, pofuna kuonetsa kuti ndi munthu wolemekeza zinthu za eni, anatulutsa magalasi n'kuvala. Apo ndiye panalakwika.

Zinali zojambula pamanja, zopakidwa utoto wofuwirira ndi ukalamba. Pa choyamba panali gulu la azibambo ovala majekete ofiira, ali pa akavalo, wina akuliza lipenga, agalu ali mbwee ngati nyerere. Wotsogolera anali ndi mimba ngati mbiya, atakhalira kakavalo koonda kamene kanakweza maso kumwamba ngati kakupemphera. Pa chachiwiri, kavalo anali ataima nji pampanda wa minga, koma mwini wake anapitiriza ulendo yekha m'malere, chipewa kwake, tsitsi loikirira kwake. Pa chachitatu panali ngalande yamatope, ndipo bwana wamimba uja ankangooneka nsapato ziwiri zoloza kumwamba. Kavalo wake anali kudya udzu mosatekeseka. Ndipo pachulu, chakutali, kankhandwe kamodzi kanakhala pansi n'kumaonerera.

Mapewa a a Overtone anayamba. Analuma tsaya. Anaganiza za maliro a bambo awo. Anaganiza za sinowo wa mu Januwale, galimoto itakwiririka. A Mirriam anawatsina pamkono mwakachetechete, kutsina kwa munthu wodziwa malo ake. Iwo anaona kuti chowapulumutsa n'kufunsa funso lanzeru, kuti pakamwa papeze ntchito ina.

Paja uzimba ankaudziwa. Ali mnyamata ku Dowa ankapita nawo, amuna a mudzi wonse ndi zibonga, mauta ndi agalu, kuchoka kusanache mpaka kubwerako ndi gwape kapena nguluwe. Ndipo lamulo linalipo: woyamba kulasa ali ndi gawo lake, mwini galu ali ndi lake, palibe wobwerera chimanjamanja.

"Pepani bambo Davies," anatero ndi mawu a mkulu wa mpingo. "Kwathunso timasaka m'chigulu chotere. Koma ndiye kanyama kamodzika, anthu onsewa amagawana bwanji? Mwendo amatenga ndani?"

"Sagawana," anayankha a Davies osaphethira. "Nkhandwe sidyedwa."

"Sidyedwa?"

"Ayi."

"Nanga agaluwa? Akavalowa? Lipengali?"

"Amangoithamangitsa tsiku lonse. Madzulo amapita kunyumba kukadya nyama ya nkhosa."

Basi. Chinaphulika. A Overtone anagwira khoma, khoma silinathandize. Anatsetsereka mpaka kukhala pansi ndi suti yawo ya pa Isitala, misozi ili chuchuchu, chala chikuloza kankhandwe kaja. Ankafuna kupepesa, koma akati atsegule pakamwa ankangoona nsapato ziwiri zija. Mumtima ankalira ndithu, chifukwa anaona Phyllis atabisa nkhope paphewa la Mark, ndipo anadziwa kuti wagwetsa ukwati wa mwana wa mlongo wake chifukwa cha nkhandwe ya papepala. Koma matenda amenewa, ukamaopa m'pamene amakula.

Kenaka panamveka kaphokoso kachilendo, ngati galimoto yokana kulira m'mawa wozizira. Kanakhosomola, kanasiya, kanakhosomolanso, kenaka injini inagwira. Anali a Davies. Mkulu wouma uja anapindika pakati, dzanja lili pabondo, akuseka mpaka nkhope kufiira ngati majekete a pakhomawo. Mark anayang'ana amalume ake kukamwa kuli yasa, poti chibadwire anali asanawamvepo akuseka.

"Mwendo amatenga ndani," anabwereza a Davies akupukuta m'maso. "Ambuye wanga."

Atapezako mpweya anafotokoza. Zithunzizo anazijambula anthu akale pofuna kuseka mabwana a kwawoko, anthu olemera odzitukumula amene kukwera kavalo sankakudziwa. Bambo awo a a Davies ankagwira ntchito m'khola la akavalo la mabwana otero. Anazipachika pamwamba pa tebulo la kukhitchini, ndipo tsiku lililonse akaweruka, atatukwanidwa mokwanira, ankaziyang'ana n'kuseka mpaka chakudya kuzizira.

"Chibwerere kuno, mlendo aliyense amati n'zokongola," anatero. "Amaona mafelemu, amaopa. Ine ndimaima pano kudikira munthu mmodzi yekha woti aseke."

A Mirriam anayang'ana pansi. A Overtone anadzuka, anasasa fumbi, n'kuwayang'ana akazi awo ndi diso lakuti nkhaniyi tikaikamba kunyumba.

Tiyi anakoma, mabisiketi anatha. Koma a Overtone atakhazika kapu pansi n'kuyamba nkhani imene anadzera, nkhope ya a Davies inatsekekanso ngati chitseko.

"Mwandisangalatsa, bambo, ndipo Phyllis ndimamukonda. Koma mwalakwitsa munthu. Langa banja linandikanika. Mkazi wanga anachoka Mark asanabadwe. Ndikawaphunzitse chiyani anawa?"

Phyllis ankangozunguza supuni m'kapu yopanda kanthu. A Overtone anamva chisoni, chifukwa anaona kuti mkuluyu sikuti ndi wouma mtima, koma ndi wamanyazi.

"Tiyeni tibwerere kukolido," anatero. "Pali chimene ndinaona ndili pansi paja."

Anaima pa chithunzi chachitatu. Pakona yake, m'munsi mwenimweni, panali kamunthu kosavala jekete lofiira. Kanali katatsika pa kavalo wake, katalowa m'matope mpaka m'mawondo, kakukoka nsapato imodzi ya bwana uja ndi manja onse awiri.

"Nkhoswe si mphunzitsi, bambo Davies. Nkhoswe ndi uyu. Anzake onse athamangira nkhandwe, iye watsika. Safunsa kaye kuti walakwa ndani, kavalo kapena wokwera. Amayamba wakoka, mafunso pambuyo. Koma taonani mmene akuvutikira, chifukwa ali yekha. Kwathu timakhala awiri, wina mwendo uwu, wina mwendo uwo. Anawa tsiku lina adzagwa ndithu, palibe banja losagwa. Ine mwendo wa kuchikazi ndaugwira kale. Ndikusowa wa mwendo winawo."

A Davies anakayang'ana kamunthuko nthawi yaitali, ngati akukaona koyamba.

"Ine nditagwera m'ngalande yanga, palibe anatsika," anatero motsitsa mawu.

"N'chifukwa chake tabwera."

Mkuluyo anakanda chibwano. Kenaka m'maso mwake munabwera kaukathyali kamene Mark anali asanakaoneponso.

"Chabwino. Koma munthu woti ndizikoka naye miyendo, ndimuone kaye ali pa kavalo."

A Overtone chibadwire chinthu chamoyo chimene anakwerapo chinali bulu wa agogo awo, ndipo naye sanasiyane bwino. Koma walira mvula walira matope. Anatuluka onse kupita kukhola, kumene a Davies anatulutsa kavalo wamkazi wokalamba, wamtima wa mayi, dzina lake Vanessa. Mark anagwira chingwe, a Davies anakankha kumbuyo, a Mirriam anapemphera, ndipo mwa chisomo a Overtone anapezeka ali pachishalo, tayi ili paphewa. Pansi panaoneka patali zedi. Vanessa anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda, ndipo atazungulira kamodzi, mantha anayamba kusanduka matama. A Overtone anawongola msana. Anayamba kuganiza kuti mwina mabwana aja chinkawavuta ndi mimba chabe.

Phyllis sakanatha kudikira. Anaimba foni yakanema ku Dowa, kumene dzuwa linali litapendeka, ndipo a Agnes anayankha ali pakhonde ndi amayi anzawo akusankha mtedza.

"Amayi, avomera. Ankhoswe apezeka. Ndipo taonani amalume."

Anatembenuza foni n'kuyandikira, mawu atakweza mpaka kumapeto. A Agnes anaona achimwene awo ali pa kavalo ngati mfumu ya m'mabuku, anamvanso kuti mwana wawo akwatiwa mwaulemu, ndipo chimwemwe chinawakwera kumutu. Anaimba nthungululu. Amayi onse a pakhondepo anapolokezana nayo, yakuthwa, yaitali, ya ku Dowa yeniyeni.

Vanessa pa ukalamba wake wonse anali atamvapo mathirakitala, mabingu ndi sitima za pamtunda, koma nthungululu anali asanaimvepo. Anaimika makutu, n'kudumphira kumbali kamodzi kokha. Kavalo anapita kumanzere, a Overtone anatsala kumanja, ndipo pansi pawo panali ngalande yotengera madzi a sinowo. Anagweramo chagada, phwa, miyendo m'mwamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Vanessa anaima poteropo n'kuyamba kudya udzu.

Mark asanasunthe n'komwe, a Davies anali atalowa kale. Matope mpaka m'mawondo, anagwira mwendo wa a Overtone ndi manja onse awiri n'kuyamba kukoka. Nsapato inavuka, mkuluyo anakhala pansi nayo m'matope momwemo. Anadzuka, anagwiranso. Pansi pa matopewo mapewa a a Overtone anali atayamba kale kunjenjemera, ndipo ulendo uno a Mirriam sanatsine munthu, poti nawonso anali atagwira mpanda, akulira ndi phwete.

Foni inali idakali m'manja mwa Phyllis. Ku Dowa nthungululu inali itasiya, ndipo nkhope ya a Agnes inadzaza galasi lonse.

"Achimwene ali moyo?"

"Ali moyo, amayi. Akuseka."

"Nanga mzungu walowa m'matopeyo ndani?"

Phyllis anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Ndi a Davies, amayi. Ankhoswe a kuchimuna."

A Agnes anayang'anitsitsa madoda awiri aja akutuluka m'ngalande atakolekerana mikono, onse akuda bii ndi matope mpaka osadziwika kuti mzungu ndi uti.

"Ameneyo ntchito akuidziwa," anatero. "Uwauze kuti ndikubwera."