Chotupa cha Kuseri kwa Mphuno

Anthu ankangowatchula kuti a Lipenga, poti ndiwo ankaliimba mu bandi ya kuntchito kwawo. Mkazi wawo ndi amene anayamba kuona kuti chimfine chawo chinali chachilendo. Mphuno yotsekeka inali imodzi, yakumanzere, ndipo m'mawa papilo pankapezeka timadontho ta magazi. Mapiritsi anamwa mpaka kutopa nawo. Diso litayamba kutong'oka, mayiyo anasiya kunyengerera, anangowapatsa jekete n'kuwatsogoza kuchipatala chachikulu.

Kumeneko anawajambula mutu, kenako dokotala wa mphuno ndi makutu analowetsa kakamera m'mphunomo n'kubudula kanyama kokapima. Zotsatira zinachedwa chifukwa opimawo anachita kukafunsa anzawo akutali. Zitabwera, dokotala anafotokoza kuti inali khansa ya mnofu wa m'mphako za mafupa a kumaso, yosowa kwambiri moti iyeyo ankangoiwerenga m'mabuku.

A Lipenga anangokanda chibwano n'kufunsa ngati ndiye kuti m'chipatala monsemo munalibe wofanana nawo.

Opaleshoni inachotsa chotupacho pamodzi ndi mbali ya nsagwada yakumwamba, ndipo bowo lotsala m'kamwa analitseka ndi kapulasitiki kochita kuvala. Masabata owotcha khansayo pamakina anawayondetsa. Tsaya linada, chakudya chinkangomveka ngati pepala. Akamamwa madzi, ena ankatulukira m'mphuno, mayiyo n'kumawapukuta uku akuwaseka kuti asanduka mpopi. Lipenga linakanika. Bamboyo analira tsiku limodzi, n'kulipereka kwa mlamu wawo.

Atachira, dokotala anapempha kuti ophunzira ake adzawaone. Mayiyo anafuna kukana, amvekere munthu si chionetsero, koma eni ake anali atavomera kale.

Tsikulo anavala tayi. Anakhala pampando wautali pakati pa chipinda, anavula kapulasitiki kaja n'kukaika m'kambale, n'kuyasamula. Ophunzira anabwera mmodzimmodzi. Mtsikana wina dzanja linkamunjenjemera moti tochi inkangowalitsa khutu. A Lipenga anabwezera kapulasitikiko kuti mawu amveke.

“Yandikirani, mayi, sindiluma. Dzanjalo linjenjemere pa ine, lisadzanjenjemere pa wina.”

Onse anaseka. Atavulanso kapulasitikiko, mtsikanayo anayandikira n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anafunsa mafunso mpaka dokotala anachita kumudula.

Mayiyo anali pakona, chikwama chili pamiyendo. Namwino wina wachilendo anawanong'oneza kuti odikira amakhala panja. Iwo anawongola msana osasuntha pampando.

“Amene akuphunzitsawo ndi amuna anga.”