Mbalame Zimene Zinkawadziwa Agogo Merv

Mwezi wa Seputembala, mamegipai akaswa ana m'mibulugamu, palibe ankadutsa mumsewu wa agogo Merv mutu uli pamtunda. Mbalamezi zimadzera kumbuyo, vuu, mlomo gwa pakhutu. Tahlia ankavala kumutu chikontena cha ayisikilimu chimene anajambulapo maso awiri kumbuyo, kuti mbalame iziyesa ikuonedwa. Kwa mtsikana wa sekondale zinali zamanyazi, koma ankavalabe.

Agogo akewo okha ndiwo ankayenda dazi lili poyera.

"Ine sandijompha," ankatero. "Amandidziwa. Megipai saiwala nkhope, mwanawe."

Eni akewo ndiwo anali atayamba kuiwala. Chimwalirireni agogo aakazi, ankakhala okha m'nyumba yamatabwa kumapeto kwa msewu, ndipo Tahlia ankawazonda akaweruka kusukulu, poti mayi ake, a Narelle, ankachedwa kuntchito. Lero amutchula Narelle, mawa amufunsa mwaulemu ngati wabwera kudzaona mita ya magetsi. Koma mamegipai atatu amene ankatera pakhonde pawo sankawasokoneza mayina: Sajeni, Gladys ndi Chidakwa, amene ankayenda chopendekera.

Chakudya chinkabwera masana ndi galimoto ya anthu othandiza okalamba, ndipo Tahlia ankapeza mbale ili mbee. Mtima unkakhala pansi, mpaka Loweruka lina pamene anafika msanga. Agogo anali pakhonde, mbale ili pamiyendo, akunyema nyama ndi mbatata n'kumaponyera mbalame.

"Agogo, nanga inu?"

"Ine ndadya kale. Ndakhuta mpaka muno," anatero akugwira pakhosi.

Sankanama ayi, ankakhulupiriradi kuti adya. M'pamene Tahlia anaona lamba wawo. Anali ataboolapo mabowo ena ndi msomali.

Sanauze munthu. Akanauza bwanji? Mayi ake anali atanena kale kuti Lachisanu kubwera namwino kudzawaona. "Akapeza kuti akudya bwino, akhala pakhomo pawo. Apo ayi, ndi kunyumba yosungirako okalamba. Ine ndilibe pogwira, Tahlia." Ndipo tsiku lina mutu wawo uli bwinobwino, agogo anamugwira mkono mpaka kuwawa: "Asadzandichotse pano, wamva? Kumene kuja anthu amangokhala maso pakhoma, kudikira bokosi."

Anayesa zake. Anabwera ndi buledi wopaka batala n'kukhala nawo pansi. Agogo analuma kawiri, wotsalayo analowa m'thumba la malaya. "Gladys ali ndi ana." Tahlia anagula nyama yogaya kuti mbalame zikhale ndi yawoyawo, agogo anazipatsa nyamayo, kenako n'kuzipatsanso mbale yawo. Tsiku lina Tahlia anatseka chitseko cha pakhonde. Mbalame zinayamba kuimba pawindo, agogo n'kumazungulira m'khitchini akufunsa kuti akulira ana a ndani panjapo. Tahlia anatsegula. Madzulo amenewo analira ali panjinga, chikontena chili kumutu.

Lachisanu namwino, mayi Petrakis, anangoti atsegule geti, Sajeni anawatsikira. Anafika pakhonde chowerama, chikwama chili pamutu.

"Bambo Merv, alonda anuwa mumawalipira chiyani?"

"Amangojompha akuba ndi aboma," anayankha agogo. "Inu ndinu ati?"

Onse anaseka, ngakhale a Narelle amene nkhope inali gwa chiyambire m'mawa. Agogo anameta nkhosa moyo wawo wonse, ndipo pakamwa pawo panali pasanafe. Atafunsidwa kuti lero ndi lachingati, anati, "Ndi tsiku limene mwabwera inuli, mayi." Atafunsidwa za mtsikana amene anaima pafiriji, anamuyang'ana Tahlia kwa kanthawi. "Ndi mwana wabwino ameneyo," anatero, n'kusintha nkhani.

Namwino anayang'ana mbale zotsukatsuka pasinki, kenako anayang'ana manja a agogo, ndi kolala imene inkangolendewera.

"Mbale zikuti mumadya, bambo, koma malayawa akukana." Anatembenukira kwa Tahlia. "Iwe ndiwe umabwera tsiku ndi tsiku. Amadya?"

"Auze, iwe... iwe mtsikana," anatero agogo mwansangala. "Auze kuti ndimaseteka mbale."

Tahlia anayeza mbali zonse ziwiri. Akati inde, agogo akhala pakhomo pawo, lamba n'kumapitirira kubooledwa. Akati ayi, ndiye kuti wawachotsa pakhomopo iye mwini. Anafunafuna yankho lachitatu, silinapezeke. Nthawi yomweyo Gladys analowa pakhomo mwachizolowezi, tswa tswa pasimenti, n'kudumphira patebulo, pamalo penipeni poika mbale.

"Sadya," anatero Tahlia, mawu ali pansipansi. "Amapatsa mbalame. Chonse."

A Narelle anagwira pakamwa. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kodi mwanayu ndi wa ndani? Bodza lakelo, mayi, muzimuopa!"

Namwino sanaseke.

Mwezi usanathe anawasamutsa. Sanavute monga Tahlia ankaopera; anawauza kuti akupita kokayenda, iwo n'kukwera galimoto, akubayibitsa Chidakwa pawindo.

Kunyumba ya okalambako kunali kaukhondo, ndipo ankadya, poti pambali pawo pankakhala munthu ndi supuni. Lamlungu Tahlia atapita, anawapeza pafupi ndi chitseko cha kudimba, khutu lili ndi pulasitala. Wowasamalira anati dzulo lake agogo anazemba n'kutuluka ndi buledi m'manja, megipai wa mubulugamu wa kumeneko n'kuwang'amba. Tsopano chitsekocho chinkakhala chokiya.

Tahlia anali atanyamula chikontena chake m'chikwama. Anachitulutsa mwamanyazi.

"Agogo, mukavala ichi, mwina angakuloleni kutuluka."

Agogo anachitembenuza, n'kuyang'anitsitsa maso awiri ojambulawo, kenako anachibweza mwaulemu monga mmene munthu amabwezera mlendo.

"Sungani, mayi, chikuthandizeni inuyo. Ine sandijompha. Amandidziwa."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidutswa ka buledi kouma.

"Kodi mukudutsa cha kwathu? Gladys ali ndi ana."

Tahlia analandira. Anakhala nawo pomwepo, onse awiri maso ali pachitseko.